Belu la Njinga pa Tebulo la Madotolo

Ine ndinabadwa ndi pakamwa. Amayi amanena kuti tili ku Malawi, nthawi ija tinathawa nkhondo, ndinkatsutsana ndi akuluakulu ogawa chakudya mano anga asanakwane. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu ku Angónia, koma sitinakhalitseko. Amayi anaona kuti tomato wa kumapiri amayenda malonda kuno ku Tete, ndiye tinatsika n'kudzamanga ku Chimadzi. Tsiku limene tinakhoma lata lomaliza, amayi anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Ine ndasamuka kokwanira," anatero. "Wondichotsa pano abwere ndi bokosi."

Ankanena akuseka, koma ine amayi anga ndimawadziwa. Akanena chinthu akuseka ndiye kuti atsimikiza.

Ntchito yanga ndi yoyeza madzi. Ndimatunga mu Zambezi, m'zitsime za ku Mpadue ndi ku Canongola, ngakhale m'migolo ya anthu, n'kukaona zimene zilimo. Anzanga ena amayeza fumbi, ena amayeza kutentha, ndipo kuno zinthu ziwirizi sitichita kugula. Tonse timagwirira pamalo amodzi ofufuzira za sayansi, amene timangowatchula kuti Senturu. Ndi nyumba ya njerwa ku Mpadue, muli labotale ndi mafiriji, panja pali galimoto imodzi ndi mtengo wa masau. Vuto la Senturu n'lakuti eni ake ndi anayi: yunivesite yathu ya kuno, ina ya ku Maputo, ina ya ku Beira, ndi ina ya ku Malawi. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Ife tinaikamo anayi, ndipo onse ndi madotolo.

Yunivesite iliyonse imatumiza munthu mmodzi ku konselyu, bwalo limene limalamulira Senturu. Mpando umazungulira, chaka chino uyu, chaka chamawa uyo. Amene anayambitsa Senturu anasiyanso lamulo lakuti pa nkhani yaikulu, munthu mmodzi yekha akati ayi, nkhaniyo yagwa. Ankafuna kuti wamkulu asamapondereze wamng'ono, ndipo papepala zimenezi zimaoneka bwino kwambiri. Koma tinatha msonkhano wathunthu tikukangana za chikwangwani cha pageti, kuti chizindikiro cha yunivesite iti chiyambe. Wina atatopa anati tiziike mozungulira kuti pasakhale woyamba. Tinaomba m'manja, kenako tinayamba kukangana za amene akhale pamwamba.

Wa ku Maputo anali dotolo wachinyamata, waudongo, woyenda ndi kompyuta yodzaza ndi zithunzi za manambala. Iye ankatchula aliyense kuti kolega, kutanthauza mnzanga wa pantchito, ngakhale amene akumupha ndi mawu. Wa ku Beira anali mayi wofatsa, wosasiyana ndi chokupizira mphepo chake, amene ankagwirizana ndi aliyense wolankhula komaliza. Wa kuno ndinali ine. Ndiye panali a Pulofesa a ku Malawi.

A Pulofesa anali nkhalamba yodziwa za dothi, yaitali, ya imvi mutu wonse. Ankabwera pa basi kudzera pa Zóbuè, atavala jekete ngakhale m'mwezi umene mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Kudzanja lina ambulera, paphewa kathaulo. Munthu wabwino, wosadziwa kukalipa. Koma akaimirira kuti alankhule, umatha kupita kumsika n'kubwerako.

"Ndisanalowe m'nkhani," ankayamba choncho, "ndiyambe ndapereka moni."

Ankayamba ndi wapampando. Mwadzuka bwanji, kunyumba kwacha bwanji, bambo aja ankadwala mwendo ali bwanji tsopano. Ndipo sikuti ankangofunsa, ankadikira yankho. Akachoka apo ankapita kwa mayi wa ku Beira kukafunsa za mvula ndi za ana, mmodzimmodzi. Kenako kwa wa ku Maputo, kenako kwa ine, kenako kwa mlembi wathu. Akamaliza ankathokoza dalaivala wa basi, anthu a pachipata cha dziko, ndi amene anasesa chipindacho. Moni ukatha, nkhani ankaiyambira kutali, nthawi imene Senturu inali maganizo chabe m'mitu ya anthu. Inde kapena ayi wawo ankabwera kumapeto kwenikweni, anthu atayamba kale kuwodzera.

Chaka chimene mpando unali wawo ndi chimene ndinaphulika. Tinali ndi nkhani imodzi yokha, yogula firiji yatsopano. Popeza anali wapampando, ankapereka moni potsegula, n'kumaperekanso ndemanga pambuyo pa wolankhula aliyense. Nyama yambuzi imene anatiwotchera inazizira, ndipo kuti chinthu chizizire ku Tete ndiye kuti chadikira. Wa ku Maputo ndege inamusiya. Firiji sitinagule.

Pamsonkhano wotsatira, mpando utachoka kwa iwo, ndinabwera nditakonzeka. Ndinapempha malamulo atsopano. Wapampando asamapereke maganizo ake ndipo asamavote, ntchito yake ikhale yongopereka mawu kwa ena. Aliyense akhale ndi mphindi zowerengeka, zikatha wapampando aziliza belu. Ndipo amene belu lamupeza asananene kuti inde kapena ayi, alembedwe kuti sanavote. Wa ku Maputo anadumphira m'mwamba ndi chimwemwe. Wa ku Beira anagwirizana ndi wa ku Maputo. A Pulofesa anaimirira kuti anenepo maganizo awo, ndipo mmene amafika pa dalaivala wa basi n'kuti tonse titasaina.

Belu ndinakagula ndekha kwa wokonza njinga kumsika, ndinalikhomera pa kathabwa n'kuliika patebulo. Tsiku loyamba kulira, a Pulofesa anali pakati pofunsa za ana a ku Beira. Linangoti ngirii ngirii, iwo n'kulumphira pambali ngati ali pamsewu. Tinaseka mpaka misozi, iwonso anaseka. Anapinda kathaulo kawo, n'kunena kuti "Zikomo, apampando," n'kukhala pansi.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kuyenda. Firiji tinagula, chikwangwani tinakhoma, nyama tinkadya yotentha. Koma yunivesite ya ku Malawi inasiya kuvota. Nkhani iliyonse mlembi ankalemba chimodzimodzi, kuti Malawi sanavote, chifukwa a Pulofesa sanasinthe ngakhale pang'ono. Ankaimirira, kupereka moni, belu n'kulira, iwo n'kukhala pansi. Ndinawauzapo kuti bwanji osayambira kumapeto. Anangondiyang'ana ngati ndawauza kuti avale nsapato kumutu.

Chodabwitsa n'chakuti sanandisungire chakukhosi, kapena ngati anasunga sanaonetse. Akabwera ku Tete sankalephera kukwera chopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, kudzaona amayi ku Chimadzi. Anapeza kuti dera limene tinakhalako nthawi ya nkhondo linali kufupi ndi kwawo. Apo ndiye anakumana akatswiri okhaokha. Ankakhala pakhonde n'kumalonjerana mpaka tiyi kuzizira, ine ndili m'nyumba kutsegula ndi kutseka zitseko kuti amve kuti ena tili ndi zochita.

Kenako mpando unafika kwa ine. Ndinasoketsa diresi yatsopano ya kapulana, chitenje cha kuno, ndipo sindibisa, ndinkayenda mosiyana. Ndinali ndisanaukhale n'komwe pamene dotolo wa ku Maputo anatumiza nkhani yoti tidzakambirane: Senturu isamukire ku Maputo.

Zifukwa zake sizinali zabodza, n'chimene chinandipweteka kwambiri. Magetsi kuno amathima. Mafiriji amalimbana ndi kutentha mpaka kufa. Makina akawonongeka, wokonza amachokera kutali. Alendo a kunja akamva za dzuwa la ku Tete amayamba kudwala asananyamuke. Mayi wa ku Beira anali atavomera kale, atamulonjeza kuti misonkhano ina izichitikira kwawo. Ine ndinali ndi mayankho odzaza m'kamwa mpaka m'masaya. Ndinatenga malamulo kuti ndione poyambira, ndipo ndinakumana ndi mawu anga omwe: wapampando sapereka maganizo, wapampando savota. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndinakhala pansi n'kuganiza bwinobwino. Awiri anali oti inde. Ine ndinali wosalankhula. Otsala anali a Pulofesa okha. Akanati ayi, Senturu ikanatsala. Akanati inde, ikanapita. Ndipo belu likanawapeza ali pa moni monga mwa masiku onse, akanalembedwa kuti sanavote, Senturu n'kupitabe. Woliza belulo ndinali ine, ndi chala changa chomwe.

Senturu kupita kunali kundidula pakati. Ndikanaitsatira, ndikanasiya amayi okha ku Chimadzi, munthu wokalamba amene miyendo yayamba kale kumuvuta. Ndikanatsala, ndikanatsala wopanda labotale, n'kumatunga madzi opanda kowayezera. Zaka zonse zimene ndinayenda m'zitsime zija zikanathera pomwepo. Ndinachita mantha, mantha enieni, ndipo chakudya chinasiya kulowa.

Amayi anandifunsa, ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera akusankha tomato wofewa pa lichero.

"Belulo n'la ndani?"

"N'la konselyu."

"Anagula ndani?"

"Ine."

"Ndiye ulowetsemo kasanza. Likakana kulira udzati ladwala ndi kutentha, si akuti kuno chilichonse chimafa?"

Ndinawauza kuti sizingatheke. Dotolo wa ku Maputo amakhala ndi wotchi yake patebulo. Ndikanachedwa kuliza, akanati wapampando wakondera, msonkhano n'kuthetsedwa, n'kukachitikiranso kwawo popanda ine pampando. Ndipo dzina langa likanakhala la munthu wopanga malamulo oti amange ena okha. Komabe sindinama, tsiku lotsatira ndinalitembenuza belulo n'kuliyang'ana kunsi kwake. Malo a kasanza analipo ndithu. Ndinalibwezera patebulo n'kutuluka msanga.

Amayi ataona kuti nzeru yawo ndaikana, anangoti: "Basi upite ku Maputoko. Ine nditsala. Ndinakhalapo ndekha ndili ndi iwe kumsana, ndilephere lero?" Ananena akuseka. Ine ndinalowa m'chipinda chifukwa sindinkafuna kuti aone nkhope yanga.

Kutatsala tsiku limodzi, a Pulofesa anafika ku Chimadzi monga mwa chizolowezi. Ndinali nditawachenjeza kale amayi.

"Musatchule za Senturu. Wapampando saloledwa kunyengerera munthu, ndipo amayi ake a wapampando saloledwanso."

"Ine ndi wa tomato," anatero amayi. "Za maregulamentu anuwo, malamulo a ku Senturu, ndizidziwira kuti?"

Anakhala pakhonde n'kuyamba ntchito yawo. Mwayenda bwanji achimwene, msewu uli bwanji, pachipata sanakuvuteni, amayi kunyumba, adzukulu, mvula yayamba kuonetsa kapena ayi. Kenako inafika nthawi ya a Pulofesa. Anafunsa za miyendo, za malonda, za oyandikana nawo amene anamwalira mwana wawo chaka chatha. Ine ndinaima pakhomo ndi thireyi, kulondera pakamwa pa amayi.

"Nanga mwana wathuyu ali bwanji?"

"Alipo," anatero amayi. "Koma mbale ikumabwerera momwe yapitira."

A Pulofesa anandiyang'ana pang'ono, n'kutenga kapu yawo. Ndinadikira kuti anenepo kanthu. Anapukuta khosi ndi kathaulo n'kuyamba kudandaula za kutentha. Anati dziko lino wina anaiwala kutseka uvuni. Anati pa mlatho anaona phula likutsatira matayala a basi. Anati munthu wa zaka zawo sayenera kumazunzika chonchi chaka ndi chaka. Ndinabwerera kukhitchini ndi thireyi yanga nditadziwa kuti zatha. Munthu amene ndinamutseka pakamwa ndi belu la njinga, amene dzuwa lathu limamuwotcha chonchi, akanatiikira kumbuyo chifukwa chiyani?

Tsiku la msonkhano kunatentha ngati tachita kuitanitsa. Ndinavala diresi yanga ya kapulana, ndinakhala kumutu kwa tebulo, belu patsogolo panga. Ndinatsegula msonkhano ndi mawu ochepa kwambiri m'mbiri ya moyo wanga, n'kupereka mawu kwa dotolo wa ku Maputo.

Anali atangoonetsa chithunzi chachiwiri pamene magetsi anathima. Makina oziziritsa mpweya anakhosomola n'kukhala chete. Kuseri tinamva mlonda akulimbana ndi jenereta kuti mafiriji asazime. Dotoloyo sanakwiye. Anatambasula manja n'kumwetulira.

"Makolega, ndilankhulenso chiyani? Tete wavota yekha."

Mayi wa ku Beira anaseka kuseri kwa chokupizira chake. Ine ndinatenga botolo la madzi n'kumwa. Ndinali nditapangana ndi mtima wanga kuti mawu akafika pakhosi ndiziwatsitsa ndi madzi. Dotoloyo anapitiriza popanda zithunzi. Anati ku Maputo kuli akatswiri, kuli ndege za tsiku ndi tsiku, kuli mphepo ya kunyanja. Ndinamwa. Anati ogwira ntchito a kuno palibe amene adzachotsedwe, onse adzalandiridwa ndi manja awiri. Ndinamwa. Kenako anati madzi a m'zitsime si vuto, munthu angathe kumawatunga kuno n'kumawatumiza pa ndege. Apo madzi anandilowa kolakwika. Aliyense amene anagwirapo ntchito yanga amadziwa kuti madzi a m'chitsime sadikira. Ukawasunga m'botolo pa dzuwa lathuli, mmene ukuwayeza amakhala atasanduka madzi ena.

"Sinyora Pulezidenti, mwanenapo kanthu?"

"Ndakhosomola, Dotolo."

"Chifukwa regulamentu ikuti..."

"Regulamentu ndikuidziwa. Pitirizani."

Anamaliza nthawi yake isanathe, n'kunena kuti inde momveka bwino, akuyang'ana mlembi. Mayi wa ku Beira anati zonse zanenedwa kale, anandiyang'ana mwachisoni, n'kunena kuti inde motsitsa mawu. Mabotolo opanda kanthu anali atandandalika patsogolo panga, ndipo mimba yanga inkamveka ngati mgolo wa pa ngolo.

"Mawu kwa a Pulofesa," ndinatero.

Dotolo wa ku Maputo anasuntha wotchi yake n'kuiika pakati pa tebulo kuti tonse tiziona. Sanachite mwachipongwe, koma uthenga ndinaumva. Ndinaika chala pa kachitsulo ka belu.

A Pulofesa anaimirira pang'onopang'ono. Anamanga batani la jekete. Anatenga kathaulo, anapukuta pamphumi, anapukuta m'khosi, anakapinda kawiri n'kukaika patebulo. Nthawi ikupita. Mumtima ndinkakuwa kuti fulumirani bambo inu, ngakhale ndi inde yemweyo nenani, ndisachite kukuphani ndi dzanja langa. Ndinkadziwa kale mawu otsatira, ndikanatha kuwaimba: ndisanalowe m'nkhani.

Sanayang'ane wapampando. Sanayang'ane wa ku Beira, ngakhale wa ku Maputo. Anayang'ana khoma.

"Ayi," anatero.

N'kukhala pansi.

Chokupizira cha ku Beira chinaima m'malere. Mlembi anatsala cholembera chili m'mwamba, chifukwa dzanja lake linali litazolowera kulemba zina. Kunja jenereta inalira, ndipo palibe amene anaisangalalira. Ine chala chili pa belu, chopanda ntchito.

"A Pulofesa," ndinatero, "nthawi yanu ikadalipo yambiri."

"Ndatha, apampando."

Dotolo wa ku Maputo anavula magalasi. "Profesor, pepani, mwina sitinamvane. Dzulo lomweli mumandiuza kuti kalori wa kuno, kutenthaku, akukuphani."

"Akundipha ndithu."

"Ndiye chifukwa chake n'chiyani? Tipatseni chifukwa, kolega."

"Malamulo akuti inde kapena ayi. Za chifukwa sanalembe." Anatembenukira kwa ine osandiyang'ana m'maso. "Kapena ndanama, apampando?"

"Simunaname," ndinatero. Ameneyo sanali maganizo anga, anali malamulo, choncho ndinaloledwa kunena.

Ndinalengeza kuti nkhaniyo yagwa ndipo Senturu ikhalabe ku Tete. Ndinalengeza ndi nkhope youma ngati ndikuwerenga mtengo wa sopo, koma pansi pa tebulo miyendo inkavina yokha. Dotolo wa ku Maputo ndimamupatsa ulemu, sanachite phokoso. Anapempha kuti pamsonkhano wotsatira tikambirane zoika magetsi a dzuwa pa denga, popeza dzuwalo ndiye tili nalo lochuluka. Mayi wa ku Beira anati ndi zimene ankaganiza kuyambira kale. Ndinatseka msonkhano n'kuthamangira kuchimbudzi, chifukwa mawu onse ndinawatsitsa aja ankafuna potulukira.

Nditabwerako anthu anali pansi pa mtengo wa masau, akudya nyama yambuzi. A Pulofesa panalibe. Ndinawapeza kunja kwa geti, pansi pa chikwangwani chathu chozungulira chija, ambulera ili pamutu, akudikira chopela. Sanadye. Anali ataima mowerama, ngati munthu amene wachokera kumaliro.

Ndinafika ndi pakamwa panga ponse, mawu a tsiku lonse akukankhana.

"A Pulofesa, mwatipulumutsa! Ine ndimayesa muli mbali yawo. Dzulo lija mumvekere uvuni, mumvekere phula, ine ndinagona ndikupakira katundu m'mutu. Chinachitika n'chiyani? Amayi anakuuzani kanthu ine nditalowa kukhitchini?"

"Amayi anu sanandiuze kanthu. Voti yanga ndinachoka nayo kunyumba." Ankalankhula mwachidule, zosawayenera. "Madzi a ku Canongola sakwera ndege, mwanangu, zimenezo ngakhale wa dothi amazidziwa. Ophunzira anga amafika kuno pa basi, zoyeza zawo zili pamiyendo. Ku Maputo adzapita ndani? Ndipo anthu ofufuza za kutentha akathawira kumphepo, azidzalemba za kutentha kwa anthu ena."

"Nanga bwanji simunanene zimenezi m'katimo? Zikanawagwetsa onse!"

"Ndikanayambira pati? Mukudziwa kumene ndimayambira." Anasuntha ambulera. "Ndinabwera nditakonza zolankhula zanga bwinobwino, ndi moni wake. Ndimati mwina lero belu lichita chifundo. Koma nditamva kuti mbale ikubwerera, ndinadziwa kuti woliza belu sangandichitire chifundo, ndipo akaliza adzadzipweteka yekha."

Ndinati ndiseke, koma iwo sankaseka.

"Ine chibadwire sindinalankhulepo ndi munthu ndisanamufunse mmene wadzukira. Bambo anga ankati wotero akulankhula ndi mpando, osati ndi munthu. Mayi wa ku Beira uja mwana wake anachitidwa opaleshoni, sindinamufunse. Mnyamata wa ku Maputo uja akazi ake ndi oyembekezera, ndamukana pamaso pa anthu osamufunsa n'komwe. Lero ndalankhula ndi mipando, mwanangu. Ndachita manyazi, ndipo nyama singalowe."

Za opaleshoniyo ine sindinkazidziwa. Za oyembekezerawo sindinkazidziwanso. Anthu amenewa ndinakhala nawo patebulo limodzi zaka zonsezi.

Chopela chinafika ndi fumbi lake, dalaivala n'kuima pafupi nafe. "Muli tani, mai? Tiyende, pai?" A Pulofesa anatseka ambulera n'kuyamba kupinda miyendo yawo yaitali kuti alowe. Ndinkafuna kuthokoza, koma zikomo ankaoneka wamng'ono kwambiri. Mawu aakulu ndinali nawo ambiri, ndine munthu wa mawu, koma onse anali osayenera. Ndinagwira chitsulo cha chopelacho.

Ndinapinda mawondo pang'ono, monga anandiphunzitsira amayi ndili mwana, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja.

"A Pulofesa, mwadzuka bwanji?"

Anaima mwendo umodzi uli m'kati, wina uli kunja. Kenako anautulutsa mwendo uja, anawongoka, n'kutsegulanso ambulera, ndipo anaisunthira pakati kuti itiphimbe tonse awiri.

"Ndadzuka bwino, mwanangu, kaya inu?"

"Ndadzuka bwino. Nanga amayi kunyumba munawasiya bwanji?"

"Amayi ndiye ali ndi nkhani," anatero, nkhope ikumasuka. "Koma kuti muimvetse bwino, ndiyambire chaka chatha, nthawi yokolola."

Dalaivala analiza hutala. Ndinamukwezera dzanja osatembenuka. Analizanso, n'kunena kuti dzuwa likumuwotcha ndipo ali ndi anthu ena omudikira. Ndinamuuza kuti azimitse injini, alowe m'geti, akauze anthu kuti wapampando wati amupatse nyama. Anapita akung'ung'udza.

Tinaima pomwepo, thukuta likutsika m'diresi yanga yatsopano. Ndinamva za amayi ndi bondo lawo, ndinafunsa za ana mmodzimmodzi, za adzukulu, za msewu, za mvula. Yankho lililonse ndinalidikira mpaka kumapeto. Titafika pa dalaivala wa basi, ndinafunsanso za iyeyo, ndipo a Pulofesa anati ali bwino, kungoti mkazi wake anabereka mapasa.